Mpaka Akabawi Atatha Kudutsa

Fungo la mapesi ouma likandipeza, ngakhale ndili m'basi pakati pa Indianapolis, mtima umabwerera pa kachitunda kena kum'mwera kwa South Bend. Kuno chimanga sakolola ndi manja. Chimakina chimalowa m'munda n'kumameza mizere, kumbuyo chikulavula fumbi lachikasu. Fumbilo mphepo inkalikweza mpaka pachitunda pamene tinkakhala, n'kulisakaniza ndi fungo la khofi wa m'fulasiki ndi la udzu wonyowa ndi mame. Ndinali ndi zaka khumi. Ku America ndinali nditakhalako chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, ndipo amayi anali atangomwalira mu Ogasiti.

Thupi lawo linapita kumudzi ku Dowa, koma ine ndi adadi sitinaperekeze chifukwa mapepala athu sanali olola kutuluka n'kubweranso. Tinatsala awiri m'kaapatimenti kathu ka pamwamba pa masitepe. Nsapato zoyera zimene amayi ankavala kuntchito zinakhalabe pakhomo, zidendene zitapindikira mkati. Botolo lawo la mafuta odzola linakhalabe pawindo la kubafa, chala chawo chikuonekera mmene anatapira komaliza. Adadi sanasunthe kanthu, inenso sindinafunse.

Anthu a kutchalitchi atasiya kubwera kudzatipepesa, kunabwera amalume a Lemani, achimwene awo a amayi. Ankakhala ku Indianapolis, ntchito yawo inali yokonza magalimoto cha ku Speedway. Anali munthu wamtali, wosaseka wamba, zikhadabo zakuda ndi oyilo ngakhale asambe chotani. Anandiitana pabalaza, ndipo ndinagwada pa kapeti.

"Pili, iwe si khanda, mwambo wakwathu ukuudziwa," anatero. "Mwana wa mlongo wanga ndi mbumba yanga. Bambo akowa akusunga mpaka mbalame zawozo zithe. Zikatha, ukubwera kwathu."

Ndinatembenukira kwa adadi kuti ayankhe. Iwo maso anali pansi, manja akupotokola chipewa. Ndinaona kuti agonja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti masiku anga ndi adadi ali m'mapiko a mbalame.

Nkhani ya mbalamezo inali iyi. Adadi ntchito yawo yeniyeni inali ya shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Koma nyengo imeneyo anapeza ntchito ya masana, yosamalira mzungu wina wokalamba dzina lake a Walter. Gogoyu miyendo inali itasiya, ankayenda pa chikuku, manja ankanjenjemera, koma chaka chilichonse masamba akayamba kufiira ankapita pachitunda paja kukawerenga akabawi amene amachoka kumpoto kuthawa chisanu. Adadi ankawasambitsa, kuwadiraiva, n'kuwakankha mpaka pamwamba. Kuwerengako kukatha, gogoyo ankapita kukakhala kwa mwana wawo kudera lotentha, ndipo adadi anayenera kubwerera ku shifiti ya usiku. Pakati pa sabata ine ndinkakhala kusukulu. Loweruka, ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ankanditenga.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi amene mpaka pano ndikawakumbuka ndimagwira pakamwa. Kumudzi, ndisanabwere kuno, ndinkakhala ndi amayi aang'ono, ndipo ntchito yanga inali anapiye. Tinkawapaka jivi, mankhwala opaka pabala aja, kuti kabawi asawazindikire, koma ankawazindikirabe. Ndiye mwana umakhala pabwalo, diso limodzi pa mbale zimene ukutsuka, lina kumwamba. Ukangoona kadontho kakuda, sudikira. Pachitunda paja panali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, onse chete, magalasi oonera patali ali m'maso. Ine ndinaona kadontho kakutsika molunjika ife. Thupi linachita lokha. Ndinadumpha, kuwomba m'manja, kukuwa ndi mawu anga onse kuti, "Kabawi uyooo! Aaayi! Aaayi!" Kenaka ndinavula nsapato n'kuiponya m'mwamba.

Mbalame ija inapendekeka n'kubwerera kuseri kwa mitengo. Palibe amene anali ataona mtundu wake. Mayi wina wa kamera yayitali anangoti kukamwa yasa.

"Iwe!" anatero adadi motsitsa mawu, atandigwira phewa. "Ukuyesa pano pali anapiye a mayi ako aang'ono? Anthu achoka kutali kudzaona chimene wathamangitsacho."

A Walter anafunsa chimene chachitika, adadi n'kufotokoza mwamanyazi za anapiye ndi jivi. Gogo uja anaseka mpaka kutsokomola, adadi kuchita kuwasisita pamsana. Atapuma anandifunsa kuti mbalameyo ndinaiona liti. Ndinaloza pamwamba pa mitengo yakutali. Anayang'ana anzawo aja ndi magalasi awo, n'kundiyang'ananso ine. Anauza adadi kuti andiyalire bulangete pambali pa chikuku, ndipo anandipatsa kachitsulo kozungulira kokwana m'dzanja. Ukakadina ndi chala chachikulu kankalira kuti "tcha", nambala n'kusintha.

Ntchitoyo inali ndi lamulo lake. Kutsogolo kwathu kunali nkhokwe yayitali yachitsulo kudzanja lamanzere, ndi thanki ya madzi kudzanja lamanja. A Walter anati ndiziganiza kuti pakati pake pali chingwe. Mbalame timaiwerenga ikadutsa chingwecho kuloza kum'mwera, osabwereranso. Yongozungulira, yosaka mbewa m'munda, imeneyo ndi ya pompano, sitiiwerenga. Panali kabawi mmodzi wamkulu wa mchira wofiira amene ankakhala pa mtengo wa magetsi pansi pa chitunda. Chaka chonse sachoka. A Walter ankamutchula kuti Landilodi, ndipo m'mawa uliwonse ankamuvulira chipewa. Ola likatha ndinkawerenga nambala ya pa kachitsulo, n'kuilemba ndi pensulo pa pepala, chifukwa dzanja la gogoyo silinkathanso kulemba zooneka.

Mitundu yake ndinaiphunzira ndi maso, mayina achingerezi ankandipulumuka. Panali tating'ono ta michira yayitali, touluka mokupiza katatu n'kutsetsereka, ngati munthu wopalasa njinga potsika. Panali miimba yakuda yoyenda mopepesuka, mapiko itakweza pang'ono. Panali ena a mizere yoyera kumchira, amene sayenda okha. Amenewa tsiku lina kumapeto kwa Seputembala, mphepo yozizira itawomba kuchokera kumpoto, anabwera onse pamodzi. Thambo linadzaza ngati ngumbi zikamatuluka pa chulu mvula yoyamba itagwa. Ankazungulira akukwera, akukwera, akafika pamwamba n'kuyamba kutsetsereka mmodzimmodzi kuloza kum'mwera, mapiko osakupiza n'komwe. Chala changa chinatupa ndi kudina. Mayi wa kamera uja ankalira misozi.

Adadi anagona chagada pa udzu, chipewa pachifuwa. "Koma ndiye ulendo ulipo," anatero. "Onsewa, Pili, palibe ndi mmodzi yemwe wa pasipoti." Anaseka okha. Kanali koyamba kumva kuseka kwawo chimwalirire amayi, ndipo ndinasiya kudina kanthawi kuti ndimvetsere. Mbalame zingapo zinadutsa osawerengedwa.

Mu Okutobala mitengo ya mumsewu wathu inasanduka yofiira ndi yachikasu, masamba n'kuyamba kuwunjikana m'mbali mwa masitepe. M'nyumba munkamveka fungo la hita, ngati fumbi lopsa. Ine ndinaganiza kuti ndikakhala mwana wosavuta, mwina amalume aona kuti adadi akutha kundisunga. Ndinaphunzira kuphika mpunga osapsereza. Ndinkanyamula zovala kupita nazo ku makina ochapira pansi pa nyumba, n'kuzipinda ngati mmene amayi ankapindira. Chimene chinatikanika ndi tsitsi. Lamulungu madzulo adadi ankakhala pa sofa, ine pansi pakati pa maondo awo, chipeso cha amayi chili m'manja mwawo. Ankaluka lilime litatuluka pang'ono, akupumira m'mwamba ngati akukweza thumba. Mizere yake inkachita kukhotakhota, ndipo pofika Lachitatu inali itamasuka. Kusukulu ndinkavala chipewa cha jekete mpaka aphunzitsi atandiuza kuti ndivule.

Tsiku lina basi ya sukulu inanditsitsa adadi asanabwere. A Walter anali atagwa kubafa, ndipo adadi anapita nawo kuchipatala. Kiyi ndinali nditamuiwala m'nyumba. Ndinakhala pa masitepe mpaka zala zinasiya kumva. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka, n'kuyamba kundifunsa kuti amayi ako ali kuti, amakusiya wekha kangati, wadya chiyani lero. Adadi atafika n'kumupeza ali ndi foni m'manja, nkhope yawo inachita phulusa. Anamupepesa mayi uja kambirimbiri, akuwerama ngati alakwira mfumu. Titalowa m'nyumba anaika manja anga m'madzi ofunda. Ine ndinawauza kuti sindinamve kuzizira kwenikweni, ndipo ndinawapempha kuti asawaimbire foni amalume.

Mwezi wa Novembala utalowa, minda inali itametedwa yonse, patatsala zitsa za mapesi ndi matope. Anthu a magalasi aja anayamba kuchepa, mpaka tinatsala atatu. Mphepo inkalowa m'makutu ngati singano. A Walter ankafunda mabulangete awiri, adadi akuwapukuta mphuno ndi kuwamwetsa khofi. Mbalame zinali zikutha. Ola lathunthu linkadutsa, thambo lili mbee, kachitsulo kali zii m'thumba langa la jekete. Ndinkayang'ana kumpoto mpaka maso kutuluka misozi, ndikupempha Mulungu chamumtima kuti atumizeko ngakhale awiri.

Mmene ndinkamvera ine, amalume ananena kuti mbalame zikatha. Ndiye ndinaganiza kuti malinga pa pepala pakhale manambala, mbalame sizinathe. Loweruka lina Landilodi anachoka pa mtengo wake, n'kuuluka kudutsa pakati pa nkhokwe ndi thanki kukasaka. Ndinadziwa bwinobwino kuti abwerera. Ndinadina, dzanja lili m'thumba kuti kasamveke. Atabwerera n'kupitanso, ndinadinanso. Tsiku limenelo ndinawonjezera awiri. Mawa lake anayi. Sabata yotsatira sindinadikirenso Landilodi, ndinkangokhosomola n'kudina.

Tsiku limene ndinagwidwa kunali kamvula kowaza, mphepo ikuchokera kum'mwera, nyengo imene ngakhale ine ndinkadziwa kuti kabawi wanzeru sayenda. Ndinalemba seveni. A Walter anayang'ana pepala nthawi yayitali, kenaka anatuma adadi kuti akatenge bulangete lina ku galimoto, pansi pa chitunda. Adadi atatsika, gogo uja analankhula pang'onopang'ono kuti Chingerezi chawo ndichimve.

"Ine lero ndaona Landilodi yekha," anatero. "Maso ako ndi abwino kuposa anga, zimenezo ndikudziwa. Koma pepala ili limapita kwa anthu amene sanafikepo pachitunda pano. Iwo amangokhulupirira ife. Tsiku lopanda mbalame nalonso amafuna kulidziwa. Timalemba ziro."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Mawu achingerezi amene ndinali nawo anali ochepa, ndipo anatuluka opindika. Ndinati mukalemba ziro mutseka, mukatseka amalume anditenga.

Ndi dzanja lonjenjemera lija anayamba kutembenuza mapepala a kutsogolo, amene tinali tisanalembepo. Pamwamba pa lililonse panali patalembedwa kale tsiku lake. Anatembenuza mpaka lomaliza, n'kuika chala pamenepo. Anati masikuwa amaikidwa nyengo isanayambe, chaka chilichonse ndi omwewo, kaya mbalame zichuluke kaya zisowe. Anatinso akabawi ena amadutsabe ngakhale chipale chofewa chitagwa, kungoti pamakhala palibe wowawerenga. Ndinawerenga mapepala otsalawo ndi maso. Anali okwana masabata awiri.

Anandipatsa labala. Ndinafufuta seveni uja n'kulemba ziro. Kenaka, osafunsidwa, ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba, kufufuta onse amene ndinawonjezera, chifukwa ndinkawakumbuka. Pepala linanyowa ndi mvula, pena linabooka. A Walter anaika dzanja lawo pamutu panga, pamwamba pa chipewa cha jekete, ndipo ndinkalimva likunjenjemera. Adadi atabwera ndi bulangete, gogo uja anangoti kwazizira, tiyeni tizipita. Sanawauze kanthu, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tsiku lomaliza kunadutsa kabawi mmodzi, wamng'ono, cha kumasana. Anadutsa motsika, akulimbana ndi mphepo, mpaka anazimirira kuseri kwa thanki. Ndinadikira kuti ndione ngati abwerere. Sanabwerere. Ndinalemba wani, ndipo a Walter anandiuza kuti ndilembe dzina langa pansi pa pepala, pamzere wa owerenga.

Loweruka lotsatira adadi anandidzutsa m'mamawa n'kundiluka tsitsi. Anatenga nthawi yaitali, kumasula n'kuyambiranso, ndipo tsiku limenelo mizere inawongoka ndithu. Katundu wanga anakwana m'sutukesi imodzi ndi jumbo. Anandidiraiva okha, maola atatu mumsewu wowongoka wa pakati pa minda, wailesi osatsegula. Panjira anaima kundigulira tchipisi, iwo osadya. Tinalowa mu Indianapolis cha ku Lafayette Road, kumene kuli timashopu ta anthu a mitundu yonse, zikwangwani za zilankhulo zimene sindinkatha kuwerenga, fungo la nyama yowotcha likulowa pawindo.

Kwa amalume kunali ana atatu, onse ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Akazi awo, anti Esinati, anandikumbatira n'kundiyang'ana kumutu. "Ayi ndithu, alamu mwayesetsa," anatero akuseka, "koma izi timasula mawa." Adadi anaseka nawo pang'ono. Anakweza sutukesi yanga kuchipinda, anakana chakudya ponena kuti shifiti ikuwadikira, ndipo pakhomo anandigwira dzanja ngati mlendo. "Uzimvera amalume ako," anatero. Ndinaima pawindo mpaka galimoto inakhota.

Ndinakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi zinayi. Amalume sanandimenyepo, sanandisiyanitsepo ndi ana awo. Nsapato akagula, ankagula zinayi. Koma ine ndinkawapatsa moni nditagwada, maso kumbali. Chakudya ndinkawaikira patebulo n'kutuluka. Akandifunsa za kusukulu ndinkayankha mawu amodzi. Adadi ankabwera kamodzi pamwezi, molunjika kuchokera ku shifiti, n'kugona pa sofa nsapato zili kuphazi, ndipo ndikawaona choncho mkwiyo wanga pa amalume unkakula. A Walter anamwalira chaka chachiwiri, adadi anandiuza pa foni.

Amalume nawonso anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Chaka chatha nditabereka mwana wanga woyamba, anti Esinati anabwera kudzakhala nane masabata angapo, kundiphunzitsa kumusambitsa ndi kumuwongola miyendo. Bambo a mwanayu nawonso amagwira usiku. Tsiku lina m'mawa tikumusambitsa m'beseni, ndinanena mwanthabwala kuti amalume akanakhalapo bwenzi atabwera kale kudzalanda ameneyunso. Anti anasiya kuthira madzi.

"Kulanda? Anakulanda ndani iwe?" anatero. "Bambo ako anakola kwathu pa foni katatu maliro asanathe n'komwe, akulira ngati mwana. Ankati usiku ndizimusiya ndi ndani, aboma akamva anditengera mwana n'kukamupatsa anthu osawadziwa. Malume ako poyamba anakana, nyumba inali yodzaza. Atavomera, bambo ako anati koma ine sindingathe kumuuza, aziti mayi ake atangopita ine ndamutaya. Ndiye malume ako anati basi, ndinena ndine, ndinena za mwambo. Adane ndi ine, bambo akhale nawobe." Anatenga thaulo n'kumukulunga mwana. "Ndimayesa unadziwa kalekale."

Ndili mwana ndinkaona munthu mmodzi wolanda ndi wina wolandidwa, ndipo ndinkadziwa bwino woyenera kumukonda. Tsopano ndikamuika mwana wanga pabedi n'kuyang'ana wotchi kuwerenga maola amene ndikhale naye ndekha, ndimamvetsa chimene chinawaweramitsa adadi pabalaza paja pamaso pa amalume. Ndimaganizanso za amalume, zaka zisanu ndi zinayi akulandira mbale kwa mwana wosawayang'ana kumaso, n'kumati zikomo mbumba yanga, osadziyeretsa ngakhale kamodzi. Iwowo sindingathenso kuwapepesa.

Adadi akadali ku South Bend, tsitsi layera, shifiti ya usiku anasiya. Mwezi watha anabwera kudzaona mdzukulu. Atamunyamula anati, osandiyang'ana, "Mwambo wakwanu uja unali wovuta, Pili. Ine ndikanachita bwanji?"

Ndinawathirira tiyi wina. "Eya, adadi," ndinatero. "Unali wovuta."